Khobidi loti Domna asafukulidwe

Aliyense wa kuno kumadzulo kwa Tesalonika ankawadziwa a Miltos Tsakiridis ndi chala chawo. Chinali chala chamkombaphala cha kudzanja lamanja, chakuda kunsonga ngati cha makaniko, ndipo ndicho ankapisa m'kabowo kotulukira chenje pa makina aliwonse a mumsewu: ogulitsa matikiti a basi, ogulitsa khofi m'khonde la chipatala, olipirira malo oimika galimoto. Sankaima n'kumasuzumira ngati wopemphapempha ayi. Ankangodutsa, chala pisu, n'kupitirira, nkhope ili kwina ngati chalacho n'cha munthu wina. Oyendetsa matakisi ankawatcha a Insipekita, ati chifukwa panalibe makina m'tauni muno amene ankagona osayenderedwa.

Anthu ankaganiza kuti mkuluyu akusaka ya buledi, koma sizinali choncho. A Miltos ankasaka khobidi losowa, ndipo matenda amenewa anawatengera kuntchito. Kuyambira ali mnyamata ankagwira pa kampani ina ya makina a khofi ndi zakumwa: kutsegula makina, kukhuthulira makobidi m'thumba, madzulo kukawathira m'chimakina chowerengera kunyumba yosungira katundu. Chimakinacho chinali ndi khalidwe lake. Khobidi labwinobwino chinkameza, koma lopindika, lachilendo kapena lakale chinkalavulira m'kambale ka pambali. Anzawo zolavulidwazo ankangotaya. A Miltos ankazitola n'kumakaziyang'ana pawindo. Nthawi ya madrakima ankapezamo makobidi a ku Bulgaria, a ku Turkey, mabatani a jekete, tsiku lina mpaka mendulo ya ubatizo. Yuro itabwera matenda anakula, chifukwa tsopano khobidi la mtengo umodzi womwewo linkabwera ndi zithunzi za maiko osiyanasiyana, ndipo timaiko ting'onoting'ono timapanga makobidi ochepa kwambiri. Akaona lachilendo m'thumba la kampani ankalisinthanitsa ndi lawo la m'thumba mwawo, chifukwa kuba ndiye sankakudziwa.

"Amuna anzanu pobwera kunyumba amanyamula nsomba," ankatero akazi awo, a Domna. "Inu mumandibweretsera batani la munthu wa ku Bulgaria. Ndikazinge ndi anyezi?"

"Tsiku lina lidzatigulira nyumba, Domna."

"Eya, ya nkhunda."

Ankatero uku akusuntha mbale patebulo kuti amuna awo apeze poyala makobidi awowo. Anthu awiriwa Mulungu sanawapatse mphatso ya mwana, ndipo a Domna ankati mwamuna wopanda mwana ndi bwino azilera zitsulo kusiyana n'kulera botolo.

Zaka za mavuto a chuma zija zitafika, kampani inatseka, penshoni inadulidwa, n'kudulidwanso. Kenaka a Domna anadwala. Makobidi onse amene anatola moyo wawo wonse a Miltos anawalongedza m'sutikesi n'kupita nawo kwa a Menelaos, mkulu wa kashopu kogula ndi kugulitsa makobidi ndi masitampa kuseri kwa msika waukulu. A Menelaos sanali tambwali, ndipo n'chifukwa chake zinawawa kwambiri. Anasanthula masana onse, napatula kamulu kokwana m'dzanja limodzi.

"Awa ndigula. Enawa, mkulu wanga, kagulireni buledi. Mtengo wake ndi womwe walembedwapowo."

Ndalama ya kamulu kaja inathera kwa namwino wolipidwa wodikirira wodwala m'chipatala, ndipo siinachedwe kutha.

A Domna imfa sankaiopa kwenikweni. Ankaopa fosholo. Manda a mumzinda muno ndi a lendi ngati nyumba: ugona zaka zitatu, ndipo ngati abale ako alibe ndalama yowonjezera nthawi amakufukula, mafupa n'kutsukidwa ndi vinyo, kuikidwa m'bokosi la malata, bokosilo pashelefu pakati pa ena zikwizikwi, dzenje lako n'kulowamo wina. Mzinda umene ukusunga miyala ya Aroma mpaka lero umalephera kusunga mayi mmodzi chaka chachinai! Koma tonse tinazolowera, timangoti ndi mmene zilili. A Domna okha sanazolowere. Anaonerera mai awo akufukulidwa nthaka isanamalize ntchito yake, ndipo zimene anaona tsiku limenelo sanafotokozerepo munthu. Anangosiya kudya nyama mpaka chaka chinatha. Ndiye ali gone m'chipatala muja, thupi litatheratu, anagwira dzanja la amuna awo, chala chakuda chomwecho.

"Musadzalole andifukule inu muli moyo. Mukadzabwera inu, achite zimene akufuna, sitidzaziona. Koma inu musadzandione choncho."

"Ukunena chiyani iwe? Uchira."

"Lumbirani."

Analumbira. Munthu amene akutsirizika sumuuza za kukwera mtengo kwa zinthu. A Domna anamwalira mu Febuluwale, naikidwa kumapeto kwa mzere, pafupi ndi mpanda.

Zaka zitatu si kanthu. Chachitatucho chitatsala pang'ono kutha, a Miltos anavala jekete la kutchalitchi n'kupita ku ofesi ya kumanda. Kalaliki wake anali mtsikana waulemu, wa maso otopa. Anatchula mtengo wa chaka chimodzi chowonjezera, nanenanso kuti ndalamayo imafunika yonse pakamodzi. Penshoni ya a Miltos, ukachotsapo lendi, magetsi ndi mankhwala a mtima, inkatsala yokwana nyemba ndi mafuta a m'nyali ya pamanda.

"Nanga ndikalephera, mwana wanga?"

"Ndiye tikupatsani tsiku mu Febuluwale, agogo. Mudzabwere ndi vinyo ndi nsalu yoyera. Mabokosi amagulitsa panja pa getipo, pafupi ndi a maluwa."

Potuluka anawaona mabokosiwo atasanjikizidwa padzuwa, otuwa, lililonse ndi kamtanda pamwamba, mtengo wake utalembedwa pa katoni. Anawoloka msewu kuti asadutse pafupi.

Kopempha kunalibe. Abale amene anatsala anali a Parthena, mng'ono wawo wa a Domna, ndi amuna awo a Savvas, amene penshoni yawo inkadyetsanso mwana wosowa ntchito ndi zidzukulu. Kuyambira tsiku limenelo chala chija chinasiya kukhala masewera. A Miltos ankatuluka m'mawa ndi chidutswa cha buledi m'thumba, kutsika mpaka kusiteshoni ya sitima, kuzungulira zipatala, kubwerera wapansi kuti asawononge ya basi. Pogula mkaka ankapereka ndalama yapepala dala kuti alandire chenje chambiri, n'kuima pomwepo kumatembenuza khobidi lililonse, anthu pamzere akung'ung'udza.

"A Insipekita!" oyendetsa matakisi ankakuwa. "Lero odwala ali bwanji? Mwapeza la golide?"

"Ndikalipeza ndidzakwera yakoyo, undizungulitse mzinda wonse."

"Mudzandipeza nditakalamba!"

Ankaseka nawo, koma kunena zoona zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wa imvi akufunafuna manda a mkazi wake m'timabowo ta chenje.

Malo amene ankawadalira kwambiri anali m'sitolo ina yaikulu ya kumsewu wotulukira mumzinda. M'menemo munali makina amene anthu amakhuthuliramo makobidi a m'zitini zawo n'kulandira kapepala kogulira zinthu. Makinawo anali ndi kambale kolavulira ngati chimakina cha kuntchito chija, ndipo anthu ambiri akamva kuti phokoso latha amangotenga kapepala n'kumapita. Mlonda wa pakhomo ankawalekerera a Miltos kukhala pa benchi chapafupi, bola asayandikire mwini makobidi asanachoke.

Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ikwane kunabwera mayi wina wovala zakuda, atanyamula chitini cha mafuta a olivi chodula pakamwa. Anakhuthula, makina analira, kambale kaja n'kumangoti ngwengwengwe. Mayiyo anatenga kapepala kake natembenuka.

"Mayi, mwasiya zina umu," anatero a Miltos.

"Tengani, bambo. Ndi zinyalala za malemu bambo anga zimenezo. Anadzaza nazo nyumba yonse, ife kusowa poponda."

Mawuwo anawabaya, koma chala chinali chitafika kale. Munali madrakima akale, khobidi lina lobowoka pakati, ndi kapulasitiki kobulungira koonekera mkati, kamene makina sakanatha kumeza. Mkati mwa kapulasitikiko munali khobidi la mayuro awiri. Linkawala ngati kalilole, ndipo pakati pake panali chithunzi cha linga pamwamba pa thanthwe, chotuwa ngati chawazidwa ufa. Anawerenga dzina la dziko: Monako, kamodzi mwa timaiko ting'onoting'ono tija. Anayang'ana pakhomo, mayi uja anali atapita kale. Anakhala pa benchi paja mpaka mlonda anabwera kudzafunsa ngati aitane ambulansi.

A Menelaos analandira kapulasitikiko. Anapukuta manja pa malaya, anayatsa nyali ya patebulo, naika galasi lawo lokuzira zinthu padiso. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwaba kuti, madala?"

"M'kambale."

"M'kambale! Ine zaka zonsezi m'shopu muno lotere ndinaligwirapo kamodzi, nalonso la mwini wake. Ndi lenileni ili. Anasula ochepa, ndipo sanasulire kugulira fodya ayi, anasulira odwala matenda athuwa. Mukuona kuwalaku? Mtengo wake wonse uli pamenepa. Chala cha munthu sichinalikhudzepo. Musatsegule, musapumirepo, ndipo Savvas wanu uja asalione, angakalipirire kachasu."

Anatchula mtengo umene akanapereka pompo, ndalama ili m'dirowa. A Miltos sankawerenganso m'mayuro, ankawerenga m'zaka za pamanda, ndipo mtengo umenewo unali zaka ziwiri. Koma a Menelaos, ndi chilungamo chawo chija, anawonjezera kuti zikondwerero zikatha kubwera munthu wochokera ku Atene amene amagula zoterezi, ndipo ameneyo akhoza kupereka kuwirikiza kawiri. Zaka zinai. Dokotala wa mtima anali atawauza kale a Miltos, mozungulirazungulira monga amachitira madokotala, kuti injini yatopa. Zaka zinai zinali zokwanira kuti lumbiro lithe bwino.

"Koma ndikanakhala ine ndikanatenga ndalama lero," anatero a Menelaos. "Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo."

"Ndidikira wa ku Ateneyo."

"Ndiye lisiyeni kuno, ndikhomere m'kabati."

"Ayi. Ndikufuna Domna alione."

Tsiku lomwelo anakwera basi ya kumanda. Anathira mafuta m'nyali, anazula tiudzu, kenaka anatulutsa kapulasitiki kaja n'kukayandikiza ku chithunzi cha pamtanda.

"Taona, Domna. Batani lija labwera. Si nyumba ya nkhunda ayi, ndi yako yomweyi. Gona, palibe akusuntha."

Analira, koma kunali kulira kopepula mtima, koyamba chimwalirire akazi awo. Pobwerera anadzera kumsika nagula nsomba, nakaikazinga ndi anyezi, nadya yonse okha.

Kunyumba anasowa pobisa khobidilo. M'dirowa mungafike wakuba, m'thumba lingagwe. Pomaliza analiika pamalo amene ankaona kuti munthu sangayerekeze kugwirapo: pa kashelefu ka pakona pamene pamakhala zithunzi za oyera mtima, kanyali ka mafuta ndi chithunzi cha a Domna. Panali kasosala ka maluwa obiriwira. Analiika pamenepo n'kuvundikira ndi kampango ka malemuwo. Tsoka silinunkha. Mutu wawo unali utadzaza ndi linga la ku Monako moti sanakumbuke kuti kasosala kameneka kanali ndi ntchito yake. Pamenepo ndi pamene a Domna, chaka ndi chaka, ankasungira khobidi loika m'keke ya Chaka Chatsopano, lija loti amene walipeza m'chidutswa chake ndiye mwini mwayi wa chaka chonse.

Chimwalirire mkulu wawo, a Parthena sanalolepo kuti nyumba ya alamu awo ilowe chaka popanda vasilopita, keke ya Basilio Woyera, yophikidwa mu uvuni wa a Domna ndi m'chiwaya cha a Domna. Anali ndi kiyi wawowawo. Anali mayi wa mtima wabwino ndi manja osakhazikika, wa mtundu uja woti akabwera kudzacheza amakutsukira ndi zimene sunamutume. M'mawa wa Chaka Chatsopano, amuna awiriwo ali kutchalitchi, iwo anali kale kukhitchini. Pobwerako a Miltos anaponya diso pakona paja: kampango kanali pomwepo, katatukuka pakati monga anakasiyira. Mtima unakhala pansi.

Anadya nyama ya nkhumba ndi kabichi, namwa kachasu wa mphesa amene a Savvas anabwera naye kuchokera kumudzi kwao. A Miltos anaseka tsiku limenelo mpaka a Savvas anafunsa ngati apeza chibwenzi pa makina a matikiti. Kenaka keke inabwera, yonunkhira malalanje, pamwamba atalembapo chaka chatsopanocho ndi mtedza. Mwini nyumba ndiye amadula. A Miltos anaimirira, analemba mtanda katatu ndi mpeni pamwamba pake, nayamba kutchula monga mwa mwambo.

"Ichi cha Khristu. Ichi cha Amayi Maria. Ichi cha Basilio Woyera. Ichi cha nyumba. Ichi cha mmphawi."

Podula malire a chidutswa cha mmphawi ndi chawo, mpeni unakakamira. Anaganiza kuti ndi pansi popserera, nakanikiza ndi manja awiri, mpeni n'kulira khwee pa chitsulo.

"Ndi limenelo!" a Parthena anaomba m'manja. "Lagwera kuti? Kwa mmphawi kapena kwa alamu?"

"Mukuvutikiranji?" anatero a Savvas. "Si munthu mmodzi yemweyo?"

Onse anaseka, ndi a Miltos omwe. Anapisa chala chija m'keke, natulutsa khobidi, nalipukuta kuti aone kuti ndi la dziko liti, pakuti chizolowezi sichidziwa tchuthi. Anaona thanthwe. Anaona linga. Kalilole uja panalibe. Ponseponse panali timizere tosawerengeka tozungulira ngati pansi pa poto, ndipo pakati pa lingalo panadutsa bala latsopano la mpeni wawo womwe.

"Alamu," mawu anatuluka ang'onoang'ono, "khobidi ili mwalitenga kuti?"

"Pa kasosala ka achemwali, pomwe munandiikira. Ndinati taonani alamu anga, chaka chino akumbukira okha, mpaka kusankha lokongola! Koma kapulasitiki kakeko, ee, kandithyola chikhadabo, ndachita kutsegula ndi nsonga ya mpeni. Ndakabwezera pomwepo, mudzasungiramo chaka chamawa. Ndiye pakati pakepo panali potuwa ngati nkhungu. Ndakwecha ndi kawaya ka mapoto, ndimu ndi soda, mpaka mbee. Ndalama imadutsa m'manja mwa anthu ambiri, sungaike m'chakudya osatsuka. Mai athu ankatero."

"Mwayi wa chaka chonse ndi wanu, achimwene!" a Savvas anakweza tambula. "Chaka chino makina onse a mu Tesalonika akusanzirani!"

A Miltos anayang'ana nkhope ya a Parthena. Inali yofiira ndi kutentha kwa uvuni, yosangalala, ndipo pamphumi ndi pachibwano inali nkhope ya a Domna. Mkwiyo unakwera, koma unasowa pogwera. Akanati anene, mayiyu akanasenza mafupa a mkulu wake pamutu mpaka tsiku la imfa yake. Madzi akatayika saoleka, ndipo kuwauza kukanangowonjezera wolira wachiwiri.

"Zikomo, alamu. Mwatsuka bwino."

Anadya chidutswa chawo chonse chifukwa onse ankawayang'ana, koma kukoma kwake sanakumve.

Shopu ya a Menelaos inatsegulidwa zikondwerero zitatha. Ulendo uno sanafune n'galasi lomwe. Analitembenuza kamodzi khobidilo, naliika patebulo, nadzigwira kumaso.

"Ndani wachita zimenezi? Ndikamumange ndekha."

"Ndine."

"Bodza. Inu simungakweche khobidi ngakhale atakulozani ndi mfuti."

"Bala lalikululo ndi langa. Nanga munthu wa ku Atene uja?"

"Asalione n'komwe, angandiseke mpaka Pasaka. Mmene lilili apa ngakhale kutsimikiza kuti ndi lenileni n'kovuta, abodza achuluka masiku ano. Ndinakuuzani, a Miltos, ndinakuuzani kuti fodya…" Anaona nkhope ya mnzawoyo nasiya. Anatsegula dirowa, natulutsa mapepala awiri atatu. "Ndigula ine. Ndiziliika pawindo anthu aziona zimene kawaya kamachita. Kuposa apa sindingathe."

A Miltos anayang'ana ndalamazo. Sizinali chaka, sizinali theka la chaka. Koma mtengo umenewo anauzindikira, chifukwa anauona utalembedwa pa katoni panja pa geti la kumanda tsiku lija anawoloka msewu. Anapinda ndalamazo naika m'thumba la mkati.

Mwezi wonse wa Januwale anayendabe. Ankafika pakhomo pa sitolo ija asanatsegule, n'kukhala pa benchi kudikira mayi wa zakuda uja, kapena wina aliyense wa chitini cha malemu bambo wake. Kambale kankalavula mabatani ndi masenti opindika. Anapitanso ku ofesi kukapempha kuti azilipira pang'onopang'ono. Mtsikana uja anawapatsa madzi akumwa, nati lamulo si lake, ndipo anawapatsa tsiku. Kumanda ankapitabe kukathira mafuta m'nyali, koma sankayankhulanso ndi chithunzi chija. Manyazi ankawagwira, ndipo ankachoka msanga.

Tsikulo kunacha kozizira, mphepo ya kumpoto ikudula makutu. Panali wansembe wothamangira maliro ena, okumba awiri ovala magolovesi, a Parthena ndi beseni, a Savvas ndi botolo la vinyo, ndi a Miltos atakumbatira bokosi limene khobidi la ku Monako linagula. Okumbawo anazula mtanda ndi nyali naziika pambali ngati katundu wa munthu wotulutsidwa m'nyumba. Fosholo italowa m'dothi a Savvas anawagwira a Miltos paphewa.

"Tiyeni tikaime uko, achimwene. Amaliza okha awa."

"Ayi."

Lumbiro linali lakuti asalole, ndipo analephera. Linalinso lakuti asaone, koma kusiya Domna atuluke pakati pa anthu achilendo iwo atapereka msana sakanatha, ndiye analiphwanya kachiwiri. Anaima pomwepo naona zonse. Nthaka inali itamaliza ntchito yake. Chifundo chokha chimene analandira chaka chimenecho chinali chomwechi. Munatuluka nsapato zakuda zimene anasankha okha tsiku la maliro, kenaka mafupa, ang'onoang'ono kwambiri poyerekeza ndi mayi amene ankadzaza nyumba yonse ndi mawu.

A Parthena anagwada pa beseni, misozi ili chuchuchu, nayamba kutsuka fupa limodzilimodzi ndi vinyo n'kumayala pa nsalu yoyera. Atafika pa chigaza anachipsompsona, nachithira vinyo. Pamphumi panali dothi lofiira lomata limene linakana kuchoka. Anapukuta ndi kansalu, linakana. Anakulunga kansaluko pa chala nayamba kukanikiza ndi chikhadabo, pakuti manja awo aja sakanalola mkulu wawo alowe m'bokosi ndi litsiro.

"Musakweche, alamu."

A Parthena anadzutsa mutu, osamvetsa.

"Chonde musakweche. Msiyeni choncho."

Mawu anasweka, ndipo bambo amene sanalire pa keke, sanalire m'shopu, anagwa chogwada m'dothi lofukulidwalo, bokosi lili pachifuwa, akungobwereza mawu omwewo. A Parthena anayang'ana amuna awo, a Savvas anapukusa mutu. Panalibe amene anadziwa chifukwa chake kadothi kokha kangamulize munthu chotero. Okumba aja anadikira pang'ono mwaulemu, kenaka wamkuluyo anatambasula dzanja kupempha bokosi, chifukwa dzenjelo linkafunika masana omwewo.